Amayi andipatsa lamulo la kuphiri

Lachinayi, Seputembala

Lero ndakondwa moti ndimamwetulira ngakhale alendo amwano pageti. Supavaiza wasayina livu yanga pamodzi ndi ya Bishal, mnzanga wa ku Nepal amene timalondera limodzi ku West Bay, kunja kuno kuchipululu. Mwezi wamawa tikayenda wapansi kudutsa m'midzi ya kwawo ya m'mapiri mpaka pa besi kampu, pomwe akatswiri amayambira kukwera nsonga yoyera ya phiri lalitali la kwawoko. Bishal akuti njira yake ndi yosavuta. Munthu yemweyu ataona chithunzi cha Mulanje anati ndi chulu, ndiye sindikumukhulupirira.

Vuto linali Amayi, amene amayembekezera kuti livuyi ndikathera ku Phalombe. Ndawaimbira tili m'basi yobwerera ku Al Thumama kumene timagona.

"Unasiya phiri kuno n'kupita kuchipululu, lero ukufuna phiri la eni ake?" anatero.

Ndinawafotokozera za masitepe amiyala, milatho yolendewera, ndi azakhali a Bishal amene akutidikira ndi tiyi.

Kenako Amayi anati, "Tamvera, mwanawe. Ukakapeza chakudya chophikaphika m'phirimo, udye wekha, osaitana mnzako. Eni phiri sakonda phokoso."

Limeneli ndi lamulo la pa Mulanje, ndipo Amayi sangalipereke kwa munthu amene akumuletsa ulendo.

Bishal anandigwira paphewa. "Bwanji, Mama akana?"

"Ayi, alola," ndinamuyankha. "Koma ati ndisakakugawire chakudya."