Kachipinda ka Tumar pakhonde

Lolemba, 7 Okutobala

Apongozi aimba foni. Osati kwa ine, kwa mwana wawo Talant, mwamuna wanga, koma poti amalankhula ngati akuitana nkhosa kuseri kwa phiri, ndamva zonse ndikusenda mbatatesi. Abwera kuno ku Bishkek kumayambiriro kwa Novembala, chipale chisanatseke msewu. Pobwerera atenga Tumar, mwana wathu woyamba.

"Chipinda chimodzi, anthu anayi, wachisanu ali m'njira. Mwanayo mukumugoneka pati, pashelefu?" Mawu awo amenewo.

Mwambo ndikuudziwa, palibe wondiphunzitsa. Mwana woyamba ndi wa agogo ake. Akanamutenga atangosiya bere, koma nthawi imeneyo apongozi aamuna anali chigonere. Pano anatisiya, nyumba ya kumudzi ku At-Bashy yatsala ndi munthu mmodzi ndi nkhosa zake. Mkulu wake wa Talant analeredwa choncho. Bambo wandevu, ana atatu, koma mpaka lero mayi omubala amawatchula kuti alamu.

Tumar wanga. Zaka zisanu ndi chimodzi, mano awiri akutsogolo palibe. Ndikuopa.

Talant wangoti tiona. Munthu ameneyu ngakhale denga litayaka angati tiona.

Lachitatu, 9 Okutobala

Ngati vuto ndi malo, malowo ndipanga ndekha. Akadzapeza mwana ali ndi chipinda chake, adzanena chiyani?

Khonde lathu lotchinga lija. Mbali ya kuzenera, pomwe pamakhala mbatatesi, mabotolo a nkhaka ndi nsapato zakutha. Ndayeza ndi lamba wa Talant. Kabedi kakwana, ndi kanjira kodutsa chammbali.

Ndayamba kututa katundu kupita naye kokhala malasha. Msana. Mimba ya miyezi isanu ndi iwiri, kuchipatala anati ndisanyamule ngakhale ndowa. Burul eje, neba wathu (eje ndi ulemu wa kwa mayi wamkulu), wandiona ali pampanda. "Iwe mwana, ukufuna kuberekera m'thumba la mbatatesi?" Wanditukwana bwinobwino, kenako walumpha mpanda, matumba onse wakoka yekha. Mayi wa zaka makumi asanu, mphamvu ngati hatchi.

Khoma lakuseri kwa matumba lakuda ndi nkhungu. Ndapala ndi mpeni, ndapaka laimu.

Loweruka, 12 Okutobala

Talant wabwera ndi makatoni komanso mapaleti awiri, matabwa osanjikirapo katundu, kuchokera kumsika waukulu komwe amakankha ngolo. Wangotula. Kwa iye kumeneko ndiye kuvomera, mwina.

Makatoni takhoma kukhoma, awiriawiri, kuti atchinge kuzizira. Msomali uliwonse kuuboola kaye pa kachitsekerero ka botolo, apo ayi katoni imang'ambika. Nzeru za Burul eje. Askat, kamwana kanga ka zaka ziwiri, ndakapeza ndi msomali m'kamwa. Ndautulutsa ndi chala. Ndakamenya, kalira, nanenso ndalira.

Mapaleti asanduka bedi. Ndawakhula ndi chidutswa cha njerwa mpaka zisonga zonse zatha, zina zathera m'zala zangazi.

Tumar sakudziwa kanthu. Akuti akupatsidwa chipinda chifukwa wakula. Wauza kale ana a msewu wonse.

Lachisanu, 18 Okutobala

Kumsika ndi Tumar, kukafuna pepala lamaluwa lomata kukhoma. Mpukutu umodzi masomu 600! Malasha sitinagule. Wogulitsa ataona mimba wanditulutsira zotsalira, mipukutu yoduka, yosiyana mitundu. Tumar wasankha yachikasu ya timbalame. Sikwana makoma onse. Mbali yakuchitseko ikhala yobiriwira ya mizeremizere, ngati matiresi.

Guluu sindinagule. Burul eje akuti nthawi yawo ankaphika phala la ufa wa tirigu, pepala n'kugwira mpaka nyumba kugwa.

Lamulungu, 20 Okutobala

Tamata. Ine kupaka phala, Talant kukweza pepala, Tumar kusalaza ndi nsanza. Mzere wachiwiri timbalame tayang'ana pansi, Talant anazondotsa. Ndinati timatule, iye akuti, "Zikutera, zatopa." Ndaseka koyamba m'milungu iwiri.

Shelefu ya bokosi la maapozi. Nsalu yotchinga kuchokera ku diresi langa lakale labuluu, lomwe sindidzalowanso ngakhale ndisale kudya chaka. Mitu ya misomali yatuluka timatuza pansi pa pepala, koma ukaima patali sizioneka.

Kokongola. Ndalowamo kambirimbiri popanda chifukwa.

Lachinayi, 24 Okutobala

Mbewa.

Zanunkhiza phala lija. M'munsi monse mabowo, pakona zadya mpaka katoni. Ndinangokhala pabedi la mapaleti manja ali m'khosi. Burul eje wabwera, wayang'ana, wadzimenya pachipumi. "Ayi ine, ndinaiwala, timathiramo tsabola!" Kuiwala kwabwino. Ndinafuna kumuthira tsabolayo m'maso, koma ndani wina angandikokere matumba.

Guluu ndagula, ndi misampha iwiri, ndalama yotapa pa ya malasha. Talant sindinamuuze.

Timbalame ta pa zidutswa zotsala ndadula kamodzikamodzi n'kumata pa bowo lililonse. Pano m'munsi mwadzaza mbalame ngati pamalo popunthira tirigu. Tumar akuti ndiye bwino kuposa kale.

Lamulungu, 27 Okutobala

Chisanu choyamba. Madzi a m'ndowa panja agwira pamwamba.

Tumar anagona m'chipinda chake dzulo, kuyeserera. Wadzuka mapazi ngati miyala ya mumtsinje, ndi kachifuwa. Anati sanazizidwe. Kunama, kuopa kuti timulanda chipinda.

Takangana. Talant: "Kwa amayi kuli mbaula yosazima ndi mkaka wa m'mawa, iwe ukufuna mwana adwale kuti upambane?" Ndinamuyankha kuti ngati akufuna kutchedwa achimwene ndi mwana wake yemwe, anene. Anatuluka. Atabwerako anatenga hamala, wachotsa zidina ziwiri kuseri kwa mbaula kuti kutentha kuzidutsira kukhonde. Fumbi nyumba yonse, mpaka mu supu.

Zenera ndatchinga ndi pulasitiki. Kwafundako. Koma pansi ndi simenti, kuzizira kukuchokera pansi.

Lachiwiri, 29 Okutobala

Ndadula shirdak.

Kapeti ya ubweya ija apongozi anatisokera titamanga nyumba ino. Nyengo ziwiri zachisanu akusoka, ubweya wa nkhosa za malemu amuna awo, zithunzi za nyanga zofiira pa nsalu yakuda. Ndi chinthu chokhacho chofunda m'nyumba muno. Pakhonde sinkakwana, inkakwera khoma. Kupinda, chitseko osatseguka. Ya kusitolo ndilibe nayo ndalama, ndiponso n'njopyapyala ngati mpango.

Ndinaiyang'ana m'mawa wonse. Kenako mpeni wa nyama. Yolimba, ndinachita kutuluka thukuta. Ulusi wa m'mphepete unayamba kusomphoka pomwepo.

Yakwana ndendende. Tumar wagubuduzikapo osavala masokosi.

Burul eje atalowa anagwira pakamwa. "Mwana iwe, shirdak sadula. Wadula dzanja la apongozi ako." Ngati sindikudziwa. Talant anaima pachitseko, anayang'ana, sanadye.

Chidutswa chotsala ndakankhira pansi pa bedi. M'mphepete modulamo ndabisa kukhoma. Mwina sadzaona. Mayi oona nsabwe pa nkhosa ili kutsidya la mtsinje.

Loweruka, 2 Novembala

Apongozi afika. Theka la nkhosa, batala, thumba la ufa. Achepa thupi. Jasi la malemu ndi lomwe avala, manja opinda.

Ine mpango kumutu, maso pansi, tiyi ndi dzanja lamanja. Kelin wabwino, mpongozi wopanda pakamwa. Sanamalize n'komwe kapu yoyamba Tumar wawakoka dzanja, agogo bwerani muone.

Anaima pakhomo nthawi yaitali. Mbalame, shelefu, nsalu yabuluu. Kenako pansi. Anagwada, mawondo akulira, anatembenuza m'mphepete muja ngati akudziwa kale.

Sanakalipe. Bola akanakalipa. Anangoti, "Chinzake chili kuti?" Ndinachitulutsa. "Singano yaikulu uli nayo?" Ndinakabwereka kwa Burul eje.

Lolemba, 4 Novembala

Masiku awiri ali pakhonde, magalasi pamphuno, akuluka chingwe cha ubweya n'kusokerera m'mphepete. Zidutswa zonse ziwiri. Tumar pambali pawo kuwagwirira ulusi. Akuimba pansipansi. Chiyambire maliro sindinawamvepo akuimba.

Za mpeni sananene ngakhale liwu limodzi. Masana ndikuwapatsa tiyi analoza timbalame tomata tija n'kuuza Talant kuti, "Mkazi wakoyu manja ali nawo." Zaka zonsezi, kundiyamikira koyamba.

Za ulendo wa Tumar palibe watchula. Ndikuona ngati zatheka. Sindikufuna kulemba kwambiri, ndingalodze.

Lachiwiri, 5 Novembala

Apita naye.

M'mawa ndawapeza akukulunga chidutswa chaching'ono chija, kumanga ndi chingwe. "Wachita bwino kudula, kelin. Ichi chikwana pambali pa bedi langa, mwana aziponda chomwe wazolowera." Akuti ndi mpaka ndibereke ndi kutuluka m'chikuta, ndipume. Akuti chipinda n'chabwino, chimudikira.

Ndiye nkhani sinali ya malo. Sinakhalepo ya malo. Ine mwezi wathunthu kulimbana ndi mbewa.

Ndikanati chiyani, kapeti yawo nditaidula, iwo atandisokera osanditukwana? Pakamwa ananditseka ndi singano. Ndinathira tiyi. Ndinapinda zovala za mwana wanga ndi manja angawa. Talant ananyamula chikwama mpaka kumsewu, maso ku nsapato zake.

Tumar kusangalala, akuti kuli kamwana ka nkhosa kopanda mayi, azikakamwetsa ndi botolo. Wandipsompsona mothamanga. "Amayi, Askat asamatule mbalame zanga."

Lachinayi, 14 Novembala

Malasha theka la tani, onyowa. Miyendo yatupa.

Talant akuti mbatatesi zikuuma ndi chisanu kuja, tizibwezere pakhonde poti palibe akugonapo. Ndamuuza kuti ayese.

Askat amakasuzumira kuseri kwa nsalu yabuluu, n'kubwerako.

Lachisanu, 22 Novembala

Foni. Mawu ndi a Tumar omwewo, koma kalankhulidwe kayamba kukhala ka kumudzi. Kankhosa kakula. Agogo agulitsa nkhosa imodzi, amugulira jombo zaubweya. Kenako: "Amayi, andilembetsa sukulu ya kuno! Aphunzitsi akuti chaka chamawa ndikhala kutsogolo."

Chaka chamawa.

Ndinapempha kulankhula ndi apongozi. Akuti ali kukhola. Ndinamva akutsokomola pafupi pomwepo.

Ndamuuza Talant. Akuti mayi ake ali okha, usiku amalankhula ndi makoma, ine sindikuwamvera chisoni? Ndikuwamvera. Mulungu akudziwa ndikuwamvera. Koma mwana wanga si mankhwala.

Loweruka, 23 Novembala

Kudepoti, m'takisi ya ku At-Bashy. Ndikulembera pabondo. Inyamuka ikadzaza.

Talant anapita kumsika kusanache, sindinamuuze. Askat ndamusiya kwa Burul eje. Anandigwira mkono pageti, "Wapenga, phiri la Dolon ndi chipale chokhachokha, ukaberekera m'galimoto ya eni." Ataona kuti sindikumva anandipatsa shawelo yake ndi mazira owiritsa. Nsapato ndavala za Talant, zanga sizikulowa.

Dalaivala wayang'ana mimba kawiri. Akuti ndikhale kutsogolo.

Sindinayankhepo apongozi chilowere m'banja lino. Sindikudziwa kuti munthu amayamba bwanji. Ndikuyeserera mumtima, mawu akuthawa. Amayi, ndabwera kudzatenga mwana wanga. Amayi, tiyeni tonse ku Bishkek, nkhosa tigulitse. Akakana? Tumar mwini wake akakana?

Watsala munthu mmodzi. Dalaivala akukuwa panja.

Ndi Talant. Burul eje ndi pakamwa pake. Thukuta, zovala za kuntchito, wathamanga. Ndinagwiritsa chitseko, ndimati adzanditsitsa pamaso pa anthu. Wayang'ana nsapato zake kumapazi kwanga. Walipira mpando wotsalawo, wakhala kumbuyo kwanga.

Titatuluka m'tauni ndi pomwe waweramira kukhutu kwanga. "Tikafika iwe usatsegule pakamwa. Ndi mayi anga, ndikalankhula ndine."

Akalankhula zotani, sananene. Kukatenga mwana kapena kukapepesa kuti mkazi wake wapenga. Ndikuopa kufunsa. Dzanja lake lili paphewa panga, ndipo msewu wayamba kukwera, cholembera chikungo...