Kaseti ya a Nasoro

Lamulungu, 7 Julho 2024

Pulogalamu yanga ya jazi pa wailesi ya kuno ku Insaca. Ndayamba ndi akale a ku Amerika, ndatsiriza ndi anyamata atsopano a ku Maputo. Oimba foni awiri okha. Woyamba kufunsa ngati wailesi yawonongeka, poti nyimbo zake zilibe mawu. Ndangougwira mtima. Wachiwiri mayi, dzina Sabrina, amagulitsa nsomba pamsika. Akuti bambo ake ankaimba zoterezi, ndipo kaseti ilipo. Mkazi wanga Yunike kuseka: "Wapeza wamisala mnzako."

Lachiwiri, 9 Julho

Sabrina wabwera nayo, yokulunga m'kansalu, fungo la utsi ndi nsomba zouma. Bambo ake ndi a Nasoro, msodzi wa ku Amaramba. Nkhondo isanafike kuno ankaliza lipenga m'bandi ya ogwira ntchito ya njanji ku Cuamba. Anajambula kamodzi kokha, kaseti imodzi. Anathawa nayo ku Malawi, anabwera nayo. Chibwerereni sanaimve: gravadori yolizira kaseti analibe, ndiye atalimbikira za kumzikiti zoimba anazisiya. Pano chifuwa chawagwira, makutu akutha. Akufuna aimve.

Ndaipota pang'ono ndi kaneta yolembera. Fita, kachingwe ka m'kati kaja, yamatana, m'mbali nkhungu. Ndachita mantha, ndaibweza m'kansalu.

Lachinayi, 11 Julho

Armindo wokonza mawailesi waiona. Akuti kuiliza kamodzi mwina ipirira, kawiri ayi. Ku Nampula aliko oyeretsa fita n'kuisamutsira pa kompyuta, koma n'zodikira miyezi. Sabrina: "Bambo miyezi alibe."

Ine mtima uli ku Nampula, ndisaname. Bandi ya jazi ya kwathu konkuno, palibe anaimvapo! Zaka zonsezi kuloweza mayina a oimba a kutsidya kwa nyanja, wapakhomo osamudziwa. Ikadukira m'manja mwanga yapita basi, ndipo ndidzadziimba mlandu mpaka kale. Yunike sanandinyengerere: "Ukufuna kusungira dziko lonse chinthu chimene mwini wake sanachimve."

Nsapato za mwana zang'ambikanso. Zidikire, ndalama n'za ulendo wokailiza kaseti kwa mwini wake.

Loweruka, 13 Julho

Ku Amaramba pa njinga yamoto, gravadori ya Armindo m'chikwama, mapilya (mabatire) atsopano. Mphepo yozizira njira yonse. A Nasoro pamkeka padzuwa, kofia kumutu, mano onse anatha. Foni yanga ndinaiika pambali kuti ijambule. Ndinapempha pakhomo ponse pakhale chete, mpaka nkhuku zinapirikitsidwa.

Kaseti inalira! Poyamba phokoso ngati mvula pamalata. Kenako besi, ng'oma zapansipansi. Jazi yeniyeni, koma gitala ikuyenda ngati manganje.

Mwadzidzidzi mkuluyo wayamba kuyankhula, pafupi ndi foni pomwepo. "Uyo ndi Rahimu pang'oma, phuma lake lomwe lija. Pabesi Eugénio, anatsalira ku nyanja ya Chiuta ameneyo, sanawoloke nafe." Ndinapsa mtima. Mwayi umodzi wokha, iwo akuyankhulira pamwamba pake! Ndinaika chala pamlomo. Sabrina anandiyang'ana kamodzi, chala ndinatsitsa. Manyazi.

Anakweza dzanja: "Apa ndine." Lipenga linalowa mofatsa, losathamangira kulikonse. Ankaliza pang'ono n'kusiya mpata, ngati akudikira kuti wina ayankhe. Akale a ku Amerika ndawamva ambiri, koma kupuma kotere sindinakumve. Lisanafike patali mawu anakoka, n'kuzima. Fita yaduka, yadzikulunga m'kati.

Ndinafuna kulira. Iwo sanatsegule n'komwe maso. Anangopitiriza ndi pakamwa, milomo yopanda mano ija, chidendene chikumenya mkeka, mpaka nyimbo inatha. Anatsokomola nthawi yaitali, Sabrina akuwasisita kumsana. Atapeza mpweya: "Pomaliza paja ndinaphonya tsiku lojambula. Lero ndakonza."

Ndinazimitsa foni, n'kukwera njinga yamoto kubwerera.

Lachitatu, 17 Julho

Armindo watsegula gravadori. Fita yafumbutuka ngati tsamba louma, palibe cholumikiza. Nyimbo zina zonse, mbali yachiwiri yonse, sitidzazimva. Zikundiwawa. Ndikadzuka ndi zomwezo, kuti mukanakhala zotani mmenemo.

Chatsala pafoni: theka la nyimbo, mayina, pakamwa pa a Nasoro, chifuwa. Masana ndinakhala pa kompyuta ya kuwailesi kuyesa kuchotsa mawu awo kuti bandi imveke yokha. Ndinachotsa. Ndinamvera. Zaukhondo ndithu, koma sindinadziwenso kuti akuliza ndani. Ndinabwezeretsa zonse.

Lamulungu, 21 Julho

Sabrina wadzera kunyumba mamawa. Bambo ake sakutulukanso panja, akungomwa phala. Avomera kuti nyimbo ija ndiiulutse lero, ngakhale ena a kumzikiti adzanena. Chimene apempha n'chimodzi: anzawo atchulidwe kaye, iwo pambuyo. Wailesi aiika kale pafupi ndi khutu limene likumvabe.

Ndinayamba kukonza mawu otsegulira, mbiri ya jazi, chiyambi chake, zimene ndimanena masiku onse. Ndafufuta. Anzawowo awatchula okha bwino kuposa ine. Ndiika zonse, ndi chifuwa chomwe. Ine ndingodina batani, ndikhale chete.