A mpaka L

gulu: Banja la Abah

Lachiwiri

08:12 Imas: Aa Dadan achimwene, phukusi lafika. chingwe mwatumizachi si chimene ndinanena

08:13 Imas: mawaya ake ndi olunjika, 1 pa 1, 2 pa 2. ndayeza ndi mita. chofunika ndi chopingasa mkati

08:40 Dadan: Neng mlongo wanga, mano 25 mbali zonse eti? ndi chomwecho. lowetsa polowera printer pa laptop zonse ziwiri basi

08:41 Imas: kunja nzofanana. mkati ayi

08:41 Dadan: kkkk chabwino a injiniya

08:47 Imas: ndibwereze, muwawerengere Abah amve. laptop ya malemu Emak, mayi athu, ikutha. disk ikulira ngati nalimata. polowera diskette panafa sabata yatha, USB ilibe, ndi ya 1998. mapatani onse a makina opetera nsalu ali mmenemo, zaka 15 Emak akujambula kadontho kadontho. kwina kulibe

08:49 Imas: Mang Ohim wa kumsika wandibwereka laptop ina yakale, diskette yake ikugwira. ndikungofuna ziwirizi zionane ndikoke zonse. koma wati ya Emak ndisamangoyatsayatsa, itha kugona osadzukanso

08:55 Dadan: Mang Ohim uja wokonza mapoto ophikira mpunga?

08:56 Imas: yemweyo. ndiye amene wabwera kudzaiona

08:56 Imas: apo ayi ndiloleni nditsegule ndichotse disk, adapter ali nayo

09:20 Abah: 🎤 0:48 Neng, ndi ine bambo ako. maso akadali omangidwa, adokotala akuti ndikhale kuno ku Bandung kwa Dadan mpaka sabata yamawa. laputopu ya mayi ako usaigwire ndi chomasulira, ayi, sinatsegulidwepo imeneyo. mlongo wako anaphunzira zimenezi zaka zinayi, kuntchito makompyuta akavuta amaitana iye. chita zimene akukuuza. ndipo mukena za Bu Haji Enok zija, zovala zopempherera, makumi asanu ndi limodzi, akufuna duwa la melati m'mphepete ngati chaka chatha. azimayi apempherere m'zovala zatsopano kusala kukamayamba. mdzukulu wanga umupatse moni.

09:24 Imas: ndamva Abah

10:05 Imas: ndayatsa. yadzuka. ikufunsa host kapena guest

10:06 Dadan: ya Emak host, yobwereka guest

10:06 Imas: ndikudziwa. mwini nyumba akhale phee mlendo agwire ntchito yonse. ngati kuno

10:07 Dadan: usayambe

10:15 Imas: sizikuonana

10:16 Dadan: zimitsa uyatsenso

10:16 Imas: Aa vuto ndi chingwe

10:17 Dadan: restart Neng

10:31 Imas: ndayatsanso. palibe

10:33 Dadan: kachikenanso. uyambe ndi host udikire 1 min

10:52 Imas: kachitatu. yatenga mphindi 9 kuti idzuke. mverani

10:52 Imas: 🎤 0:11 kwe. kwe. kwe kwe. mwamva? poyamba paja sinkalira chonchi.

10:58 Dadan: ma disk akale amatero. komaliza plz, ndikuganiza ndi settings

10:59 Imas: sindikufuna

11:10 Abah: 🎤 0:09 Neng, makani ako omwewo. mvera wamkulu.

11:44 Imas: kachinayi. palibe. yayamba kulemba zoti disk error kenako yapitirira yokha

11:45 Imas: Aa?

12:30 Imas: Aa ndizimitse kapena ndiisiye

13:52 Imas: ndazimitsa. fani inatentha

16:40 Dadan: sorry ndinali mu meeting. Loweruka mwina ndibwera ndidzaone ndekha

16:41 Imas: Loweruka lomwelo Bu Haji akubwera kudzatenga katundu

Lachitatu

07:30 Imas: chingwe chanu ndachidula pakati

07:31 Imas: 📷 kope lofiirira, masamba opindika, chithunzi cha mawaya cholembedwa pamanja

07:32 Imas: kope langa la kusukulu ya zamanja. 2 apite pa 15, 3 pa 13, 4 pa 12, 5 pa 10, 6 pa 11, mbali inayo mobweza. tinaphunzira mwezi umene ndinayamba kusanza mkalasi. mayeso ake sindinalembe koma notes ndinalemba

08:05 Dadan: wadula?? ukudziwa mmene ndinavutikira kuchipeza

08:06 Dadan: Neng usachite zinthu zoyerekeza. uwotcha port

08:20 Imas: ndikuwotcherera. Nida wanga akumera mano, ali m'nsalu pachiuno, ndiyankha ndikatha

09:48 Imas: ndayeza waya aliyense kawiri. ndikuyatsa. bismillah

10:03 Imas: sikudzuka

10:09 Imas: yadzuka

10:14 Imas: ZAONANA

10:14 Imas: 📷 laptop ziwiri pa tebulo lodulira nsalu, pakati chingwe chokulunga ndi tepi yakuda

10:15 Imas: drive ya Emak ikuoneka pa ya Mang Ohim. mafoda onse. ndasankha onse ndakoka

10:31 Imas: ikukoka motsatira A B C. foda ya anggrek yadutsa. bintang. ikuyenda ngati nkhono koma ikuyenda

10:33 Dadan: waona? ndinati ndi settings

10:58 Imas: cempaka, dahlia

11:40 Imas: K ndi wamkulu, kenanga yekha mapatani 200. ikumaima kenako nkupitirira. ndaiyikira fani ya kuchipinda, ine ndi Nida tikuwira thukuta

12:26 Imas: L watha

12:29 Imas: yaima

12:35 Imas: ikulira mosalekeza

12:41 Imas: yasiya kulira

12:50 Imas: Aa imbani

13:15 Imas: Mang Ohim wabwera waika khutu. akuti disk siikuzunguliranso. wayatsa kawiri, ikuti mulibe disk

13:16 Imas: yafera pa M

13:17 Imas: mawar, melati, merak. onse ali pa M. zimene anthu amafuna pa shopu pano ndi zomwezo. Emak ankapatsa foda dzina la duwa, ndiye maluwa ogulitsa onse amayamba ndi M

13:19 Imas: melati wa Bu Haji palibe

14:02 Dadan: eish. bwanji sunayambe ndi M?

14:04 Imas: limenelo ndi langa. nditaona zaonana ndinangosankha zonse. ndikanayamba ndi M. ndikudziwa

14:05 Imas: inafunika mphindi 20 zokha Aa. dzulo tinaiyatsa kanayi pachabe

14:11 Dadan: sungadziwe zimenezo. mwina ndi chingwe chakocho, magetsi akadutsa molakwika amapha disk

14:12 Imas: chingwe chomwe chakoka mapatani 2300?

14:12 Dadan: ndikungonena

14:40 Abah: 🎤 1:02 Neng. Dadan wandifotokozera zonse. melati ameneyo mayi ako anamujambula uli m'mimba, usiku ndi usana, maso mpaka kutupa. ndinakuuza dikira mlongo wako, iwe wadula chingwe chimene wagula munthu wodziwa nkulumikiza zako. kuthamanga kwako komweku, kusukulunso kunali chonchi. basi, zachitika. tithokoze kuti Dadan anakuongolera mpaka theka lapulumuka. umuthokoze. Bu Haji ndimuimbira ndekha kupepesa.

14:58 Imas: musamuimbire

15:30 Imas: ndapita kwa Bu Haji. wandibwereka mukena imodzi ya chaka chatha. ndiwerenga ulusi wake ndijambulenso melati pa laptop ya Mang Ohim, pulogalamu ya Emak inali pa foda ya D yadutsa. sadzafanana ndendende. wati katundu wake ndimubweretsere Lolemba

15:44 Dadan: good. ukuona zinthu zimatheka

15:45 Dadan: ndiye A mpaka L uja unditumizire ndisunge bwinobwino kuno, asatayikenso. Abah akuti zikhale kwa ine

Lachinayi

09:10 Dadan: Neng

12:22 Dadan: ndikuona wawerenga

17:05 Abah: 🎤 0:14 Neng, mlongo wako akudikira. ndi za banja zimenezo, si zako wekha.

17:31 Imas: zoona Abah ndi za banja. zili pa tebulo lodulira nsalu, sindinabise

17:32 Imas: laptop ya Mang Ohim intaneti ilibe Aa. mubwere ndi chingwe chanu cholunjika mudzakoke nokha

17:33 Dadan: chingwe changa unadula

17:33 Imas: ✓✓