Sindinaimbe Kherere wa Bambo

Saltcote,
4 Januwale 2024

Okondedwa achimwene anga a Clifford,

Ndikhulupirira muli bwino ku Perth kumeneko pamodzi ndi alamu anga a Glenys, ndipo dzuwa likukuwambani pamene ife kuno tikuwola ndi mvula. Ine ndili bwino, kupatula bondo lija. Ndalemba msanga chifukwa a komiti ya mwambo wosamba m'nyanja akuti akulemberani, ndipo ndikufuna nkhaniyi muyambe mwaimva kwa ine. Pa tsiku la chaka chatsopano sindinaimbe kherere wa bambo.

Mwambo uja sunasinthe chichokereni inu. Ikamakwana leveni koloko m'mawa tauni yonse imakhala ili pagombe, anthu atavala zoseketsa, mano akugundana ndi chisanu, ndipo palibe amene amaponda madzi kherere asanamveke. Bambo anaimba zaka makumi atatu ndi zisanu ndi zitatu, ine ndaimba zisanu ndi zinayi. Ndimawaonabe atavala jekete lawo la chikasu, akuyenda pang'onopang'ono m'mphepete mwa madzi, manja kumbuyo, khamu lonse likuwakuwiza kuti afulumire. Inu ndi ine tinkati akungofuna kutchuka. Ndakula tsopano, ndazindikira kuti ankayang'ana nyanja asanaipatse ana a eni.

Chaka chino kampani ya madzi inati itithandize. Inabweretsa matawulo olembedwa dzina lake, supu wotentha ndi chinsalu chachikulu cha mawu akuti imakonda nyanja yathu. Mwezi womwewo inatilembera tonse kuti madzi akweranso mtengo mu Epulo. Sindinadandaule, tawulo ndi tawulo.

Kenako mvula inagwa masiku atatu Khirisimasi itangopita. Mukulidziwa paipi lalikulu lija la pansi pa mlatho wa asodzi, pomwe tinkakolera nkhanu ndi khungu la nyama ya nkhumba. Mvula ikachuluka, kampani imaloledwa kutayira zonyansa za m'zimbudzi zathu m'nyanja kudzera pamenepo, bola pakhale kachipangizo kodziwitsa anthu. Paipi likamataya, pa mapu a pafoni pamaoneka kadontho kofiira, likasiya kamabiriwira. Masiku ano anthu kuno sayang'ananso madzi, achimwene, amayang'ana foni. Inenso ndivomere, zaka zitatu zapitazi ndinkaimba kherere nditangoona kadontho, osafika n'komwe ku mlatho. Ndikaganiza za ana amene ankatsegula m'mimba sabata yotsatira, ife n'kumanamizira zakudya za Khirisimasi, ndimachita manyazi.

Pa 31 Disembala m'mawa galu wanga ndiye anandikokera ku mlatho. Fungo linandipeza ndisanafike. Paipi linali kukhuthula madzi otuwa, mapepala a kuchimbudzi atamatirira pa mizati, mbalame zikuchita phwando. Kabokosi ka chipangizo chija kanali kotseguka, waya akulendewera. Ndinatulutsa foni: kadontho kobiriwira bwinobwino.

Ndinaimbira kampani. Mtsikana waulemu anandiyankha kuti, "Mayi, pa kompyuta pathu sipakuoneka vuto lililonse."

Ndinati, "Mwanawe, kompyuta yakoyo ili ndi mphuno?"

Anandipatsa nambala ya dandaulo, nati andiyankha pakatha masiku khumi ogwira ntchito.

Ndinapita kwa Desmond Oakshott, mnzanu wa kusukulu uja, amene tsopano ndi wapampando wa komiti. Ndinamupeza m'butchala mwake akumanga masoseji. Anandionetsa foni yake ndi chala cha mafuta.

"Ros, kabiriwira aka. Ukufuna kabiriwire bwanji?"

"Tiye ukaone ndi maso, Desmond. Ndi pafupi."

"Ine si injiniya, iwenso si injiniya. Ntchito yako n'kulemba za makedzana m'nyuzipepala. Supu wagulidwa, a wailesi akubwera. Mawa ungofufuma masaya, basi."

Kutacha anthu anabwera oposa mazana atatu. Desmond anavala diresi la ukwati ndi velo, ndevu zili panja. Marjorie Tuckwell, amene anakukanani pa gule wa achinyamata uja, anali atavala ngati nkhuku, ndipo ali ndi zaka makumi asanu ndi limodzi tsopano koma pakamwa sipanakalambe. Bwana wa kampani, a Ashdown, anayankhula pa chimkuzamawu, atavala chikhoti chofika m'mawondo. Kenako onse anatembenukira kwa ine.

Ndinauza anthu zimene ndinaona, ndi kuti paipi likutayabe, popeza ndinali nditachokera komweko.

Wina anakuwa kumbuyo, "Imba, mayi iwe, tikuuma kuno!"

A Ashdown anamwetulira nati, "Mayi Tebbutt, zipangizo zathu zimaunikidwa motsatira malamulo. Madziwa ali bwino."

"Zikomo, bwana," ndinatero. "Ndiye tsogolani. Mulowe mpaka m'khosi, mumize mutu kamodzi, ine ndiimba pompano."

Anati sanabwere ndi zovala zosambira.

"Vulani, achikulire!" anakuwa Marjorie akukupiza mapiko. "Taona zambiri ife, zanuzo sizitiopsa. Tawulo ndikubwerekani, ndi lanu lomwe!"

Anthu anaseka, a Ashdown n'kuyamba kuyang'ana nsapato zawo. Desmond anafika pafupi, velo litamatirira pakamwa, nandinong'oneza kuti bambo akanachita nane manyazi. Mawu amenewo anandilasa, ndipo akundipwetekabe. Ndinaika kherere m'thumba n'kuyamba kuyenda kulowera ku mlatho, osaitana munthu. Nditacheuka ndinaona nkhuku ikunditsatira, kumbuyo kwake ansembe abodza awiri, gulu la anamwino a ndevu, kenako makolo atagwira ana pamkono. Pa mlatho onse anadzionera okha paipi likukhuthula. Mayi wina anangovula tawulo la kampani pa mapewa a mwana wake n'kulipachika pa chitsulo cha m'mbali mwa mlatho, ena n'kuchita chimodzimodzi mpaka chitsulo chonse chinadzaza.

Desmond analiza likhweru ndi zala. Analowa anthu ngati makumi atatu, iye patsogolo. Ena onse anakana, amati likhweru la Desmond si kherere.

Dzulo komiti inakumana ine kulibe ndipo yandichotsa. Akuti ndinanyazitsa otithandiza, ndiponso ndibweze kherere. Ndawauza kuti abwere ndi apolisi. Apo Desmond wakumbukira kuti bambo polemba za katundu wawo, kherere anasiyira inu, mwana woyamba, ine ndimangosunga. N'zoona, ndipo n'chifukwa chake akulemberani. Mukanena kuti ndipereke, ndipereka, chifukwa ndi wanu. Koma mudziwe kuti mukupereka kwa munthu woti chaka chamawa adzayang'ana foni n'kufufuma masaya. Ine kupepesa ndiye sindipepesa, ngakhale kwa inu.

Zithunzi zimene ndinajambula pa paipi paja ndatumiza ku bungwe loyang'anira makampani a madzi, ndi funso limodzi: kachipangizo kakafa, n'chifukwa chiyani kadontho kamakhalabe kobiriwira? Nkhani yanga ya sabata ino m'nyuzipepala si ya makedzana. Lero m'mawa ndinaona galimoto ya kampani pa mlatho, amuna awiri akulumikiza waya uja mwakachetechete. Pofika masana kadontho kanali kofiira, koyamba chiyambire Okutobala.

Sindikunamizani kuti ndikusangalala. Soseji ndikukagula ku tauni ina. Mkazi wa Desmond, amene ndinakhala naye benchi limodzi kutchalitchi zaka makumi awiri, anawoloka msewu atandiona. Akuti mwamuna wake wagona ndi m'mimba kuyambira Lachiwiri, ndipo ndamusiyira supu pakhomo osagogoda.

Mundiperekere moni kwa alamu anga, muwauze kuti juzi ija yandikwana. Moni kwa mwana wanu Bronwen ndi mwamuna wake, makamakanso kwa adzukulu athu awiri amene ndimangowaona pafoni. Munandilembera kuti mukadzabwera nawo mu Julaye mukufuna mudzawaphunzitse kusambira pomwe bambo anatiphunzitsira ife. Ndakhala ndikuwerenga mzere umenewo mobwerezabwereza. Bwerani nawo ndithu, chipinda ndakonza kale, koma zovala zosambira muzisiye konko. Muwagulire nsapato zolimba. Loweruka lililonse ine ndi Marjorie tiziima pa geti la kampani pochita zionetsero, ndipo malo a anthu atatu tikusungirani.

Ndine mlongo wanu wokukondani, wouma mutu monga munandisiyira,

Rosalind