Mancoba Wafunsidwa

Nhlangano, Eswatini

Okondedwa achemwali Gcinile,

Muli bwanji ku Durban? Kuno mvula yagwa, chimanga chamera bwino.

Alamu anu abwerako kolima munda wa mfumu, miyendo itatupa koma akunyadira. Mwana wathu Mancoba anawauza kuti, "Bambo, mfumu ikhalepo, koma nduna yaikulu tiziisankha tokha." Iwo anakalipa, "Iwe, mfumu siikambidwa pakudya!" Kenako anamuwonjezera nyama.

Lachiwiri kunabwera amuna awiri achilendo, kufunsa za mnyamata amene anatsogolera ophunzira pa zionetsero. Alamu anu, amene sindinawamvepo akunama, anati sakudziwa komwe ali, Mancobayo ali kuseri kwa chitseko.

Kodi m'chipinda chanu chaching'ono chija mukugona munthu? Mancoba ndi wosavuta, amachapa yekha.

Ndine mng'ono wanu,
Phumlile