Bawuti ya Pansi pa Galimoto Yanu

Amayi, kumeneko mukukhala bwanji? Miyendo ija inasiya kutupa? Ndimadzifunsa ngati kumeneko kumazizira ngati kuno, mphepo ikamatsika m'phiri m'mawa.

Ife tilipo. Achemwali a Loveness anachira, mwana wamkazi, ndipo anamupatsa dzina lanu. Ali ndi timakutu tanu tija, koma kulira kwake n'kwa abambo ake. Mpunga wa kudambo unachita bwino. Chimanga cha kumtunda ndiye chinapsa ndi ng'amba, tinangopezako pang'ono. Mbuzi yamawanga ija sinasinthe khalidwe. Dzana inadya sopo wa alamu, akazi a achimwene a Yohane, pa thandala.

Koma chomwe ndakhalira pansi ndi nkhani ya galimoto yanu, pikapu ija munagula kwa aphunzitsi opuma ntchito kuti tizinyamulira mpunga. Chitisiyireni inu, inayamba kulira achimwene a Yohane akamasintha magiya, kulira kwake ngati chigayo chopanda chimanga. Amalume a Dyson atamva anati, "Igulitsidwe isanafe. Ogula zitsulo ku Zomba aitenga." Anatipatsa mpaka nthawi yonyamula mpunga kupita kumsika, kuti ikapanda kusintha, ipita. Ine mtima unandiwawa, chifukwa mpando wa kumanzere uja udakali wolowa pomwe munkakhala inu.

A Matiki, adalaivala akale aja a kutchalitchi kwathu, anabwera kudzaimvetsera. Anati oyilo wa m'giyabokosi, momwe mumakhala magiyamo, wakalamba. Akufunika kukhetsa, n'kuthira watsopano. Amayi, inu munkadziwa kuti galimoto ili ndi oyilo wa malo awiri? Ine ndinkayesa ndi wa mu injini yekha. Kunsi kwa giyabokosi kuli bawuti yaikulu yotsekera, iwo amati pulagi. Ukaimasula, oyilo amatuluka yekha.

Tsiku lotsatira achimwene anatenga bobojani, sipanala ija yosintha kukamwa. Kugona kunsi kwa galimoto anakana, poti chikwatireni ananenepa. Anangonjuta pambali, n'kupisa mkono, maso ali kumwamba. Anakoka, sipanala n'kuterereka. Anakokanso, n'kutererekanso. Pomwe amadzasuzumira n'kuti mutu wa bawuti utadyeka mbali zonse, wasanduka wosalala ngati batani la malaya, popanda pogwira. Anaponya sipanala mu mbatata. "Basi, amalume apambana," anatero, n'kupita kukasamba.

Ine ndinatsala ndi funso. Chinthu chomwe munthu anamanga ndi manja, chingakane bwanji manja? Ndinakumbukira momwe munkanenera ndikamalimbana ndi chivindikiro cha ndowa: "Iwe Esinati, usachikalipire. Chiyang'ane kaye, mwina wolakwa ndiwe." Ndiye ndinalowa m'khitchini, ndinadzaza madzi m'botolo la mafuta ophikira, ndinatseka, n'kulizondotsa kuti chitsekero chikhale kunsi ngati bawuti ija. Ndinapisa dzanja kunsi, maso ali pamwamba, n'kupotoza mbali yomwe achimwene ankakokera. Amayi, chinkangolimbirabe! Nditapotozera mbali inayo, madzi onse khuthu pa chitenje changa. Ndinaima pomwepo, wonyowa, ndikuseka ndekha. Zoona chinthu chikazondoka, maso amanamiza dzanja? Achimwene nthawi yonse ija ankamanga, akuyesa akumasula.

Kuwauza ndiye kunandivuta. Ndinawazungulira tsiku lonse ndi botolo m'manja, mpaka alamu anandifunsa ngati ndayamba geni ya madzi. Nditawaonetsa, achimwene anati, "Iwe, galimoto si botolo." Koma analitenga, analizondotsa, anapotoza, ndipo nawonso ananyowa buluku. Kenako anati, "Usakawauze a Matiki." A Matiki anamva ndithu, kwa alamu. Anaseka mpaka kutsokomola, n'kunena kuti nawonso zinawachitikira ali anyamata.

Anatiuza zinthu ziwiri zomwe sindikanaziganiza. Choyamba, tigule kaye bawuti ina, chifukwa yodyekayo sidzabwereranso pamalo pake. Chachiwiri, timasule kaye bawuti ya m'mbali, yothirira oyilo watsopano. "Mukakhetsa wakale, yothirira n'kukana kutseguka, mudzathira kudzera pati? M'makutu?" Ya m'mbaliyo inamasuka bwinobwino, achimwene atagula sipanala ya saizi yake ku Zomba.

Tsopano yodyeka ija. A Matiki anati ena amawotcherera chitsulo china pamutu pake, koma kwathu kulibe magetsi. Anati tingayese kuipala mbali ziwiri zoyang'anana kuti zikhale zafulati, sipanala ipeze pogwira. Ndinakatenga tupa, chitsulo chija munkanolera makasu. Achimwene anayendetsa galimoto pang'ono kufika ku Naisi n'kubwerera, kuti oyilo afunde, zitsulo zimasuke. Tinaiimika modutsa ngalande ya kuseri kwa nyumba, n'kutchinga matayala ndi miyala. M'ngalandemo munthu wokwana anali ine.

Ndinavala buluku la achimwene mkati mwa chitenje, ndinayala thumba, n'kugona chagada. Amayi, kunsi kwa galimoto ndi dziko lina. Kuli mapaipi, mawaya, matope a misewu yonse yomwe munayendamo, ngakhale kachisa ka mavu kouma. Chilichonse ndinkafuna kufunsa dzina lake. Ndinapaka parafini m'mbali mwa bawuti, n'kuyamba kupala. Fumbi la chitsulo linkandigwera pamphumi, moti ndinavala magalasi anu akale aja. Zonse zinkaoneka zazikulu.

Azimayi opita ku mjigo anaona mapazi anga. "Kodi ameneyo ndi Esinati? Wapeza mwamuna kunsiko?" Wina anati, "Musiyeni, ameneyo ndiye sangamuthawe, alibe mafuta!" Nkhope inanditentha, koma mwayi wake sinkaoneka. Ndinazindikira kuti kunsi kwa galimoto ndi malo abwino kwa munthu wamanyazi.

Dzuwa litapendeka, mbali ziwiri zija zinali zitakhala bwino. Ndinalowetsa bobojani, n'kumanga kukamwa kwake mpaka kuluma. Achimwene analumikiza paipi ya chitsulo ku chigwiriro kuti mphamvu ichuluke. Ine ndinagwiriza kuti isaterereke, ndipo ndinkawauza mbali yokokera, poti ndine ndinkaiona bawutiyo maso ndi maso. A Matiki anati, "Pang'onopang'ono, Yohane. Ikadyekanso apa, kwatsala n'kuyitana a zitsulo." Sipanala inanjenjemera m'dzanja langa. Kenako, tha! Ndinayesa yathyoka. Ayi, inali itazungulira.

Oyilo anatuluka wakuda bii, wofunda, kununkha ngati mazira owola. Wina anagwera m'beseni, wina m'khwapa mwanga. Koma chodabwitsa chinali pa bawuti. Kunsonga kwake kunali ubweya wotuwa, wofewa ngati wa khoswe. A Matiki anati pamenepo pali maginito, amagwira tizitsulo tomwe magiya amadyana, kuti tisamazungulire mkati. Ndinaigwira nthawi yaitali. Zaka zonse zija inu muli pampando, kanthu aka kankagwira ntchito yake mumdima, osaonedwa ndi munthu.

Titamanga bawuti yatsopano n'kuthira oyilo watsopano, tinakatenga amalume kuti adzamve okha. Anakhala pampando wanu, khutu lili tcheru, ine kumbuyo. Kunena zoona, kulira sikunatheretu. Giya yachiwiri imadandaulabe pokwera chitunda cha ku Mishoni, koma chigayo chija chinasiya. Potsika amalume anayang'ana zikhadabo zanga zakuda, n'kufunsa, "Ndiwe unalowa kunsiko?" Ndinangovomera ndi mutu. Anamenya chitseko ndi chikhatho n'kuti, "Ikhale kaye. Ikanyamule mpunga." Mpunga tinanyamuladi, Amayi.

Bawuti yakale ndinaitsuka, n'kuisunga. Ndinkafuna kuona zomwe maginito angagwire: misomali, mapini, chitsekero cha botolo. Ndiye tsiku lina ndinaiyendetsa mu mng'alu uja wa pakhonde, pomwe munkakhala posoka. Inatuluka ndi singano. Ndi ija yaikulu yosokera matumba, yomwe munaifuna sabata yonse, mukunena kuti ndinataya ndine. Sindinali ine, Amayi. Inali kunsi kwa mpando wanu wa pakhonde.

Ndaipala dzimbiri, ndipo matumba a mpunga wotsala ndasokera yomweyo. Ndikulonjeza kuti galimoto yanu ndiziyang'anira, kunsi komwe. Singanoyo ndiisunga pa maginito, kuti mwana wa dzina lanu akadzakula adzaipeze.

Ndimakukondani kwambiri.

Ndine mwana wanu,
Esinati