Ku Mpama sindibwererako

Kwa Jonathan, mwana wa mlongo wanga, ku Joni,

Ndine amalume ako a Dickson, wa zaka 74, kuno ku Mikolongwe. Ife tilipo, mawondo okha ndiwo akuvuta.

Maliro a akazi anga unawamva. Tsopano abale awo andisudzula, akuti ndibwerere kwathu ku Mpama. Kwathu kwake kuti? Ondidziwa kumeneko ali kumanda. Ana ndinaberekera kuno, mango ndinabzala kuno.

Tsono m'mudzi muno muli mayi wamasiye, a Easter. Tinkangopatsana moni. Tsiku lina pochokera kumunda anandizula munga kuphazi. Dzanja lawo litandigwira, ndinadziwa kuti thupi langali silinafe ayi.

Ana anga akuti ndikungofuna pokhala. Anzanga a pabawo akuti ndikufuna ofunda nawo bulangete. Onsewo sakunama. Zinazo sindinena, poti akundilembera kalatayi ndi akulu a mpingo, ndipo ayamba kale kutsokomola.

A Easter avomera, koma popanda nkhoswe sandilowetsa m'nyumba. Kumtundu kwathu wamkulu watsala ndiwe. Undiyankhe mvula isanagwe, mphwanga, ndidziwe munda woti ndilime.

Ndine amalume ako,
Dickson